Kaseti Yolira Ngati Nkhululu

Ku Msundwe mukafunsa za a Goodson Chikakuda, anthu sayamba n'kukuuzani kuti anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, kapena kuti ndi mkulu wa mpingo wosachedwa ku seshoni. Amangoti, "A Kaseti aja eti?" n'kukulozerani kanjira kodutsa kuseri kwa tchalitchi. Dzinali eni ake amadana nalo, koma analiputa okha. Munthu amene wakamba za kaseti imodzi pamaliro, pachinkhoswe ndi pamzere wogula feteleza, mukuti anthu amutche ndani?

Nkhaniyi inayamba mu 1995, matipate atangolowa kumene. A Chikakuda ankaphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Namitete. Mzungu wina wophunzitsa sayansi pomwepo, pobwerera kwawo, anasiya katoni mu ofesi ya ahedi. M'katonimo munali kompyuta yachikale, yoti kwawoko anzake anali atataya kale kudzala: kabokosi ka mabatani ngati taipi, kasikirini, kawailesi ka kaseti ndi buku lokhuthala ngati Baibulo. Aphunzitsi ena anangosuzumira n'kubwerera chambuyo, ati chingaphulike. A Chikakuda anasenza katoniyo pamutu mpaka kunyumba kwawo, kumene kunali magetsi.

Makina amenewo anali oiwala koopsa. Ukawazimitsa, zonse zimene walemba zapita. Kuti zisungike unkazijambula pa kaseti wamba, yomweyi ya nyimbo. Kaseti yoteroyo ukaiika m'wailesi sunkamva nyimbo kapena mawu a munthu, inkangolira tswii ngati nkhululu. Koma kompyuta ikamvetsera kulira kumeneko, inkakumbuka zonse.

Miyezi isanu a Chikakuda analimbana ndi buku lija mpaka anapanga kamasewera ka masamu ka m'Chichewa. Kompyuta inkafunsa, mwana n'kuyankha. Pambali pawo sipankachoka Zione, mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi chimodzi, wa zala zothamanga ndi pakamwa posatopa. Loweruka lina bambo ake atapita ku seshoni, Zione anakhala yekha pa makinawo n'kulemba mawu oti kompyuta izinena munthu akalakwitsa. Analemba ziganizo makumi awiri, zonse zoserewula. Bambowo atabwerera, anawakhazika pampando n'kuwauza kuti alakwitse dala. Pa sikirini panabwera zilembo zikuluzikulu: MWALAKWA ABABA, YESANINSO. Anaseka mpaka misozi. Zinazo anaziwerenganso tsiku lomwelo, koma mutu wa munthu ngwachabe. Lero akukumbuka chimodzi chokhachi.

Anajambula masewerawo pa kaseti, n'kuthyola kapulasitiki ka pakona pake kuti wina asadzajambulepo zina. Mu Januwale 1998 mphezi inaotcha kompyuta ija. Chaka chotsatira malungo anamutenga Zione m'masiku atatu okha.

Maliro atatha, a Chikakuda anakulunga kaseti ija mu mpango woyera, naiika pansi penipeni pa thiranki ya kunsi kwa bedi. Anaitana akazi awo, mayi Febe, amene iwo amawatchula kuti Nabanda.

"Za Zione zatsala ndi izi zokha," anatero. "Wokhudza kaseti iyi wanditosa m'diso."

Iwo eni sanailize n'kamodzi komwe, poopa kuti ingaperepeseke kapena wailesi ingaitafune. Chimene ankafuna chinali chimodzi: asanafe, adzaonenso ndi maso awo ziganizo khumi ndi zisanu ndi zinayi zimene anaiwala zija.

Ayenda nayo kaseti imeneyi, abale inu. M'mashopu a makompyuta ku Lilongwe amaitembenuza uku ndi uku, n'kuitana anzawo kuti adzaone zodabwitsa. Wina anawauza kuti, "Madala, izi n'za nthawi ya atsamunda." Noel, mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito mu tauni, anawauza mwaulemu kuti makina otero kulibenso padziko. Iwo anamufunsa ngati dziko lonse analizungulira liti. Atapuma ntchito n'kubwerera kumudzi kukalima mtedza, nkhani inali yomweyo, mpaka dzina la Kaseti linawamatirira.

Chaka chatha, mu Meyi, anapita ku Namitete kukapangitsa fotokope makalata a mpingo pa shopu ya Patricia. Patricia ndi mayi wa ana atatu tsopano, koma anali wophunzira wawo, ndipo masewera a masamu aja anawasewerapo ali Fomu 1. Makina a fotokope akulira, iye anafunsa:

"Aphunzitsi, kodi kompyuta yathu ija dzina lake linali lotani?"

Anamuuza dzina ndi nambala yomwe, osajejema. Patricia anagogoda mabatani kanthawi, kenako anatembenuza sikirini kuti aone. Mkati mwa tsamba la pa intaneti munali kasikirini kena kakuda, kokhala ndi tizilembo toyera pamwamba, ndi kampata kophethira kodikira kuti munthu alembe. Kanali komwe kaja, kopanda kusiyana ngakhale pang'ono.

"Kunjaku kuli anthu okonda makina akale," anafotokoza Patricia. "Anapanga zoti kompyuta yatsopano izinamizira kukhala yakale ija. Mukangotsegula tsamba ili, basi yadzuka. Chatsala n'choti imve kulira kwa kaseti yanu."

A Chikakuda anatambasula chala chimodzi, nalemba momwe ankalembera kale, kufunsa kuti zisanu ndi ziwiri kuchulukitsa kawiri n'zingati. Makina anayankha kuti 14. Mkuluyo anavula chipewa. Tsiku limenelo makalata a mpingo anawaiwala pa tebulo la Patricia.

Kunyumba anapeza mayi Febe akuthothola mtedza pakhonde. Atawafotokozera, manja a mayiwo anaima.

"Bambo a Noel, musiyeni mwana agone. Mtedza wina ukadali m'munda, chiswe chikudya."

"Nabanda, ndadikira zaka makumi awiri ndi zinayi. Chiswe nacho chidikire."

"Nanga mukakapeza kuti inawonongeka?"

"Iwonongeka bwanji munthu sanaikhudzepo?"

Mayiwo anaweramira lichero lawo n'kupitiriza kuthothola.

Mavuto anayambira pa wailesi. Mumadziwa inu kuti wailesi ya kaseti yogwira ntchito masiku ano ndi yosowa kuposa dzira la nkhanga m'chilimwe? A Chikakuda anazungulira midzi inayi pa njinga. Pena inali itasanduka chisa cha nkhuku, pena ana anachotsa mawilo ake kupangira galimoto. Yamoyo anaipeza kwa a Overton Mbewe, mkulu wa mpingo mnzawo, munthu wosabwereketsa ngakhale singano. A Overton anati wailesi yawo situluka m'nyumba, ofuna kuimva abwere pompo.

Anachita zomwezo. Anayandikiza foni pa sipika, monga Patricia anawalangizira, n'kudina batani mtima uli m'mwamba. Nkhululu ija inalira, koyamba m'makutu mwawo chimwalirire Zione. Pomwepo tambala wa a Overton anayamba zake pawindo, chigayo cha kutsidya kwa msewu n'kuvomera. Pasanathe theka la mphindi kulira kuja kunayamba kukoka ngati munthu woledzera, chifukwa mabatire anali a chaka chatha. A Chikakuda analumphira batani, natulutsa kaseti. Tepi inali itatuluka kale kutalika ngati chala.

"Mukadandiphera mwana kachiwiri," anatero a Chikakuda.

"Ndinakuitanani ine?" anayankha a Overton.

Anabweza tepiyo pang'onopang'ono ndi bolopeni. Apo m'pamene anaona kuti pakona pamene anathyola kapulasitiki paja panali pomata, potola fumbi. Anapukuta ndi mpango, nati ndi chinyezi cha m'thiranki.

Kachidutswa kamene foni inajambulako anapita nako ku Namitete. Kompyuta yakale ya m'tsamba ija inamvetsera, koma sinanene kanthu.

"Yamva tambala ndi chigayo, aphunzitsi," anatero Patricia. "Pakufunika chingwe chochoka ku wailesi kulowa m'kompyuta. Ndipo kaseti ilire mpaka kumapeto, osaidula panjira."

Za chingwe chimenecho musandiyambitse. Noel anagula mu tauni n'kupatsira kondakitala wa minibasi. Kondakitala anaiwala, chingwe chinakafika ku Mchinji, n'kubwerako patatha masiku anayi. Pochiyesa, mutu wake unali waukulu, sunalowe pabowo. Chachiwiri chinabwera chabwino. Kenako panali kunyengerera a Overton, amene anavomera abusa atalowererapo, koma nawonso anaika lamulo lawo: wailesi anyamula okha pamiyendo.

Akuluakulu awiriwa anafika ku Namitete m'mawa Lolemba, osayankhulana. Magetsi anathima akungolowa pakhomo. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, a Overton akudya chinangwa okha. Lachiwiri magetsi analipo, koma netiweki inakana. Tsamba lija linangoonetsa kachinthu kozungulira, kuzungulira, kuzungulira, osatseguka. A Chikakuda anatulutsa mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa n'komwe, Patricia n'kunamizira kuti sanamve. Potsika minibasi ku Msundwe, a kabaza anawalandira ndi funso lawo la masiku onse: "A Kaseti, kodi yayankhula?" Kumunda chiswe chinali chitamaliza mizere itatu.

Zinawawawa, ndithu zinawawawa. Zaka zonse zija ankatha kupirira chifukwa makina kunalibe. Tsopano makina analipo, ankawaona ndi maso, koma chinkawatchingira ndi tambala, kondakitala ndi nyesi za magetsi.

Lachinayi m'mawa akumanga nsapato, anaona mayi Febe atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi.

"Ulendo wa kuti, Nabanda?"

"Ku Namitete. Ndikagule mchere."

"Ku Msundwe mchere watha?"

Mayiwo anangotseka chitseko n'kutsogola. Pa shopu ya Patricia anakana kulowa, anakhala pabenchi ya panja, pafupi ndi khomo.

Tsiku limenelo, mwina mwangozi, zonse zinagwirizana. Magetsi analipo, netiweki inalipo, tsamba linatseguka msanga. Patricia analumikiza wailesi ku magetsi kuti za mabatire zisabwerenso, nalowetsa chingwe. A Overton anadina batani la wailesi yawo okha. Nkhululu inalira bwinobwino kudzera m'kasipika ka kompyuta. A Chikakuda anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako pa kasikirini kakuda kaja panatuluka zilembo zoyera: MASAMU A ZIONE.

Mkuluyo anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo.

"Ilo ndi dzina chabe, aphunzitsi," anatero Patricia motsitsa. "Zenizenizo zikulowa tsopano. Tidikire mphindi zinayi kapena zisanu."

Sizinakwane. Mphindi imodzi itangodutsa, kulira kuja kunaduka, kunamveka kuti thapu. M'malo mwake munamveka mphepo, benchi ikukokedwa pa simenti, ndi ana akutsokomola. Kompyuta yakale ija inalemba m'Chingerezi kuti kaseti ndi yowonongeka. A Chikakuda anatambasula dzanja kuti azimitse, poganiza kuti wailesi ya a Overton yayambanso matenda ake. Dzanjalo linaima m'malere, chifukwa m'kasipika muja munayankhula mwana.

"Amayi, iyi si ya ababa iyi? Sakwiya?"

Mawu a mayi wachitsikana anayankha chapafupi: "Kaseti yake njakufa kale, ndaimvera, ikungolira. Imba iwe, anzako akudikira."

Mwanayo anakonza kukhosi, nayambitsa nyimbo ya Sande sukulu, anzake n'kuvomera. Mawu ake anali akuthwa, othamangira kutsogolo kwa anzake monga ankachitira pa chilichonse. Anali Zione.

Palibe anagwedezeka. Nyimbo inatha, inayamba ina, kenako ina. Patricia anayang'ana nthawi, nayang'ana aphunzitsi ake.

"Zafufutika zonse?" anafunsa a Chikakuda.

Patricia anagwedeza mutu kuvomera. "Nyimbo zadutsa pamwamba pa zonse. Chatsala ndi dzina lokhalo."

A Chikakuda atacheuka, mayi Febe anali ataima pakhomo, atagwira mphuthu ya chitseko.

"Linali tsiku la Masika, kompyuta itapsa kale," anatero mayiwo, maso ali pansi. "Ana a Sande sukulu ankafuna kujambula nyimbo zawo, ine kaseti yatsopano ndinalibe. Ndinatenga yanu, ndinaimvera pang'ono, ndinati yawonongeka. Ndinamata selotepi pakabowo paja, monga ankachitira aliyense."

"Ziganizo khumi ndi zisanu ndi zinayi, Nabanda."

"Ndinadziwa kuti ndalakwa tsiku limene munaikulunga mu mpango. Ndikadakuuzani bwanji, maliro ali m'nyumba? Chaka chinatha, ndinati mawa. Mawa lake ndi lero."

A Overton ananyamuka mwakachetechete n'kutuluka panja, wailesi yawo n'kuisiya pomwepo.

A Chikakuda anapsa mtima mpaka makutu anatentha. Midzi inayi pa njinga, kusekedwa m'mashopu, dzina lonyoza pa siteji, zonsezo chifukwa cha kachidutswa ka selotepi. Ziganizo za mwana wawo zinali zitafa kale iye mwini akadali moyo, ndipo mkazi amene amadya naye mbale imodzi ankadziwa. Koma panali funso lina limene linawabwerera m'mutu, ndipo analiopa kuposa zonsezo.

"Munaimvapo?"

"Wailesi yathu isanafe," anayankha mayi Febe. "Mukapita ku seshoni. Ndikatha, ndinkaibweza ndi bolopeni kufika poyambira."

Ichi ndicho chinawalasa. Zaka makumi awiri ndi zinayi anagona pamwamba pa mawu a mwana wawo, akulondera thiranki ngati galu wolondera nkhokwe, osadziwa chimene chili mkati. Wotseka pakamwa pa mayiwo anali ndani, ngati si iwo eni ndi lamulo lawo la kutosa m'diso? Anafuna woti amukalipire, koma aliyense amene anamuganizira anali ndi mbali yake, ndipo yaikulu inali yawo.

Kaseti inafika kumapeto, batani n'kudumpha lokha. Pa sikirini dzina lija linali likadalipo, kampata kakuphethira pansi pake.

"Nditseke tsambali, aphunzitsi?" anafunsa Patricia.

"Lisiye." Anadzutsa mpando uja, koma sanakhalepo. Anakhala pa benchi yaitali ya makasitomala. "Zimene zalira zija, kompyuta yako yasunga?"

"Yasunga zonse. Nditha kukuikirani mu foni."

"Bwezera kumbuyo."

"Poyambira penipeni?"

"Ayi. Pamene akufunsa paja."

Patricia anabwezera. Munamveka benchi ikukokedwa, ana akutsokomola, kenako mwana uja.

"Amayi, iyi si ya ababa iyi? Sakwiya?"

"Ndakwiya, mwana wanga," anayankha a Chikakuda, mawu akuwathawa. "Ndakwiya kwambiri."

A Chikakuda sanawayang'ane akazi awo. Anangosendera kumapeto kwa benchi, n'kuchotsa chipewa chimene anaika pambali pawo. Mayi Febe analowa, nakhala pomwe panali chipewacho. Zione anali atayamba kale kuimba.